Kondakitala Watsika

Zaka khumi ndi chimodzi ndinali pakhomo la minibasi,
theka la thupi kunja, theka m'kati,
ndikukuwa: Nchalo! Ngabu! Bangula yomweyo!
Chigwachi ndinkachidziwa ndi mitengo ya ulendo,
apa mulipira zakuti, apo muwonjezere,
apo pali bampu, gwirani mazira amayi.
Dalaivala wanga Bizeki ankati malo ndi pomwe paima wokwera,
kwinako ndi tchire basi.

Minibasi ija ili pamiyala ku Dyeratu,
nkhuku zikuikira pampando wakutsogolo.
Ndiye dzana ndinabwereka njinga ya mlamu,
n'kumanga pakaliyala tenti ija anatipatsa kukampu
chaka chomwe Shire anabwera kudzagona m'nyumba mwathu.
Ikadanunkha matope.

Ndinapalasa osaitana munthu.

Pali kanjira kena ndinkakaonera pawindo,
kopanda chikwangwani, kolowera kumtsinje.
Ndinakatsata.
Mnyamata woweta mbuzi, Thomo dzina lake,
anandifunsa ngati ndasokera. Ndinati kaya.
Anandiperekeza pamanda amodzi pansi pa mlambe,
mtanda wachitsulo wopendekeka,
zilembo zake dzimbiri litadya n'kutsala nyenyeswa.
"Mzungu wakalekale. Malungo,"
anatero akuswa dambe pamwala.
Nanga omwe ankamupalasira bwato,
omwe anakumba dzenjeli dzuwa likuswa mtengo,
agona pati?
Thomo anatambasula mkono
n'kuloza munda wonse wa mapira.

Dzulo kuseri kwa Bangula ndinapeza njanji
ikuthera m'malere
ngati munthu woiwala chomwe amanena.
Pansi pake madzi, ndi bwato la njinga zitatu ndi nkhumba.
Ndinakhala pachitsulo chootcha matako
pafupi ndi mayi Ntsai, wogulitsa nyika zophika.
Anati ali mtsikana ankathamangira mawindo a sitima
ndi lichero la masawu pamutu,
ndipo sitima ikalira agalu a tsidya lino ndi tsidya ilo
ankayankhira pamodzi.
Anandionetsa pomwe panali zenera la matikiti.
Pamera mtsatsi.
"Takhuta," anatero nditamulipira,
ndipo chenji ndinamusiyira,
ine amene ndinkaiwala dala chenji cha anthu.

Usiku uno ndakhoma zikhomo m'mphepete mwa dambo,
pansi pa migwalangwa iwiri.
Tenti yomweyi tinagonamo anthu asanu ndi anayi,
miyendo pamiyendo,
tikuwerenga ndi kuwerenganso amene sanafike.
Sindinkadziwa kuti ili ndi kawindo kumbuyo.
Ndakatsegula.
Mwaloweramo nyenyezi zisanu, udzudzu wosawerengeka,
kuseka kwa mvuu kunsi kwa bango
ndi ulimba wa mudzi wina wosaoneka
womwe mphepo ikubweretsa n'kukabwezanso.
Msodzi wodutsa wandiuza ndisunthe pang'ono,
pamenepo ndi pa njira ya eni ake.
Ndasuntha. Wandisiyira mlamba umodzi wowamba
osafunsa kwathu.

Madzi awa ndi omwe aja.
Ndawayang'ana nthawi yaitali kufuna kuwada,
koma akungonyamula mwezi mosamala
ngati mwana wa mnzawo.

M'bandakucha akakowa adzuka ndisanadzuke,
dambo lonse layera ngati thonje la pamsika wa Ngabu.
Kutali uko, kumsewu, hutala.
Kamawu ka mnyamata wina kakung'ambika:
Nsanje! Nsanje! Mmodzi yekha tinyamuke!
Pakamwa panga patseguka pokha,
dzanja lafunafuna chitseko choti limenye.

Lapeza chishalo cha njinga, chonyowa ndi mame.
Ndalisiya pomwepo.
Tiyi sanawire,
ndipo msodzi uja anati kuseri kwa bangoli
kuli chitsulo cha sitima ya pamadzi
chomwe chimaoneka madzi akaphwera.